Amayi, malata enawo ali kuti?

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine chifuwa chija chatha, ndayambanso ntchito. Mupereke moni kwa amalume.

Talandira Lachisanu, ndipo mapaundi 250 ndatumiza kale pa foni ya achemwali. Kwa achimwene sinditumizanso mpaka nkhani ya malata imveke. Mu Ogasiti ndinatumiza ndalama ya malata 30, koma pa chithunzi cha pa WhatsApp ndawerenga katatu, akukwana 18 basi, chipinda chanu chikadali cha udzu. Achimwene akuti katundu anakwera mtengo. Chabwino, andionetse lisiti. Mvula ikayamba mugona pati?

Ku galaja kuno ntchito yachuluka chifukwa Lamulungu loyamba la Novembala magalimoto akale amayenda kuchoka ku London kupita ku Brighton, ndipo amalola okhawo opangidwa chisanafike chaka cha 1905. Sabata yatha mkulu wina anabweretsa kagalimoto ka ku France, akuti ndi Renault yomwe inathamanga nawo mpikisano wa Paris–Madrid mu 1903. Mpikisano umenewo boma la France linauimitsira mumzinda wa Bordeaux chifukwa cha ngozi zomwe zinapha anthu m'njira, ndipo Marcel Renault, mmodzi mwa abale eni kampaniyo, anafera ngozi ya mpikisano womwewo. Galimoto yokhala ndi mbiri yotere mtengo wake ndi woopsa.

Abwana anandipatsa palafini ndi kaburashi, akuti ndipale girisi mpaka zolemba zioneke. Masiku awiri ndinali chagada pa simenti yozizira, fungo la palafini likundikumbutsa koloboyi wathu uja tinkawerengera pa mphasa. Misozi inalengeza, Amayi. Pa injini panatuluka dzina la De Dion-Bouton ndi nambala yake. Zimenezo sizinatidabwitse, poti De Dion ankagulitsa injini kwa opanga magalimoto ambiri, ngakhale Renault zoyambirira zinali ndi injini za De Dion.

Ndisanaiwale, mbuzi yaikazi ija asagulitse munthu. Ngakhale abwere ndi nkhani ya maliro, ayambe wandiimbira.

Chomwe chinaulula bodza chinali kumbuyo. Nditachotsa dothi ndinapeza pokhala tcheni mbali zonse ziwiri, chonga cha njinga koma chachikulu. Louis Renault kuyambira galimoto yake yoyamba mu 1898 ankayendetsa matayala ndi shafiti, chitsulo chachitali chozungulira, osati tcheni. Za tcheni zinali za anzake, monga Panhard et Levassor ndi Mors, ndipo Mors ndi yomwe inachita bwino koposa pa mpikisano uja wa 1903, woyendetsa ali Fernand Gabriel. Kachitsulo kolembedwa Renault wina anachita kukhomerapo pambuyo, misomali yake inali yowala. Mkulu uja analibe pepala lililonse, anangokhala pa benchi atagwira chipumi. Ndinamumvera chisoni, ndipo pomwepo ndinaganiza za ndalama yanga ya malata, yomwenso ilibe pepala.

Sindikuti achimwene ndi wakuba. Koma njinga yamoto yomwe ndamva akukwera anaigula ndi chiyani, fodya sanalime chaka chino?

Pakhoma pa galaja pali chithunzi cha Émile Levassor, yemwe mu 1895 anayendetsa galimoto kuchoka ku Paris kukafika ku Bordeaux n'kubwereranso, maola oposa 48 osapuma kwenikweni. Ndimachiyang'ana ndikamaweruka mdima utagwa kale, zala zitachita dzanzi. Ndalama ya kuno imabwera choncho, musaione ngati yotola.

Pa 250 imeneyi mugule feteleza matumba awiri, mulipire fizi ya mwana wa achemwali, yotsalayo ikhale yanu ya sopo ndi chigayo. Kogula mupite nokha ndi achemwali pa boma. Lisiti aliyense amujambule, manambala aoneke bwino, anditumizire tsiku lomwelo. Achimwene muwauze andiimbire Lamulungu likubwerali madzulo, inu muli pomwepo.

Ndasowa nsima ya mgaiwa ndi chisoso chanu.

Ine mwana wanu,
ku England