Msewu waukulu wa Blantyre ndi Chipembere

A Mkonzi,

Loweruka lapitali tinatsutsana ndi alamu anga mpaka nsima kuzizira. Iwo akuti msewu waukulu wa Blantyre ndi Victoria Avenue, poti ndi wakale ndipo mabanki ali kumeneko. Ukale wake sindikukana. Koma kamsewu koti munthu n'kukatha wapansi osatuluka thukuta, madzulo kali zii, nkukhala kaakulu bwanji?

Ine ndimakwera minibasi tsiku lililonse kuchoka ku Limbe kupita m'tauni, ndipo ndikuti ulemuwo ndi wa Masauko Chipembere Highway. Mizinda ya Blantyre ndi Limbe inaphatikizidwa mu 1956, ndipo chingwe chomangirira awiriwa ndi msewu umenewu. Wodwala wopita ku Queens, wophunzira wa ku MUBAS (ife timangoti ku Poly mpaka pano), wokaonera mpira pa Kamuzu Stadium, wokagula zinthu pa Chichiri, onsewa adutsa pomwepa. Imani pa Ginnery Corner nthawi yoweruka muone mdipiti wa magalimoto.

Alamuwo anangoti ndikukondera kwathu ku Limbe. Nanga owerenga anzanga mukuti bwanji?

Wowerenga wanu,
Limbe