Mphunzitsi wamkulu asankhidwe maziko asanakumbidwe

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomanga sukulu zatsopano za sekondale. Chimandidabwitsa n'chakuti akuluakulu amayamba kusaka mphunzitsi wamkulu penti atauma kale pakhoma. Bwanji osamusankha msanga kuti aone nawo mapulani? Iyeyo ndi amene angafunse ngati labotale idzakhale ndi madzi, komanso kuti zimbudzi za atsikana zili mbali iti.

Ndinaphunzitsapo pasukulu ina yatsopano pomwe chipinda cha sayansi chinasanduka mosungira matsache ndi mipando yothyoka, poti omanga anaiwala mipope. Wamkulu wathu anafika zonse zitatha, ndipo udindowo anaupeza chifukwa chodziwana ndi ena ake. Makolo sanafunsidwe n'komwe. Pa tsiku loyesa ofuna ntchitoyi, pakhale makolo awiri kapena atatu, nawonso afunseko mafunso.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito