Ana athu akupita kukagwira ntchito panyanja, akagwidwa adzawaombola ndani?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani imene ambiri kuno kwathu amati ndi ya eni nyanja, nkhani ya achifwamba a panyanja zamchere. Ine ndine dalaivala wa galimoto zonyamula mafuta. Ndayenda msewu wa ku Beira ndi wa ku Dar es Salaam zaka zoposa 20, ndipo katundu wanga ndimatsitsa ku Kanengo. Nyanja yamchere ndimangoionera padoko, ndili pamzere kudikira kupakira. Sitima yaikulu sindinaikwerepo. Amene anaikwera ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo zimene zinamuonekera ndi zomwe zandigwiritsa cholembera lero.

Mnyamatayu anakulira m'manja mwanga bambo ake atatisiya. Anaphunzira kuwotcherera zitsulo kwa Biwi, n'kumapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Mu 2018 anatsikira ku Durban, komwe anapeza ganyu pamalo okonzera sitima. Kumeneko ndi kumene munthu wina wofunira anthu ntchito anamuuza kuti pali malo pa sitima yonyamula mapaipi, madzi ndi chakudya kupititsa ku nsanja zokumbira mafuta kunyanja ya ku Nigeria, yonyamukira padoko la Onne. Malipiro ake anali a madola. Pasanathe miyezi isanu mayi ake ku Kawale anali atachotsa malata odontha aja n'kukhoma atsopano. Tonse tinasangalala, ndipo pamene anandifunsa maganizo pafoni, ndine ndinamuuza kuti pita mwana wanga, mwayi sudikira munthu. Pepala la mgwirizano analisaina ali chiimire mu ofesi ya munthu uja. Ine, amene ndimadzitcha mwini mbumba, sindinafunse n'komwe kuti m'pepalamo munalembedwa zotani.

Ankaimba pa WhatsApp Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Chakumapeto kwa 2020 Lamlungu lina linadutsa, linanso n'kudutsa. Tsiku lina mbandakucha ndinamva kugogoda kwathu ku Area 25, kutsegula ndi achemwali anga, chitenje chili kumutu, foni ili m'manja. Anangoti, "Achimwene, mwana uja wangoti zii." Tinaimba nambala ya wofunira anthu ntchito uja, inkangoitana. Apa m'pamene tinazindikira umbuli wathu: sitinkadziwa dzina la sitimayo, mwini wake, ngakhale dziko limene inalembetsedwa. Tinali ndi chithunzi chimodzi chokha, iye atavala ovolosi ya olenji ndi chisoti cholimba. Mwana wanga wamkazi anachikulitsa ndi zala pafoni mpaka tinaona zilembo zinayi pa chozungulira chopulumutsira anthu chimene chinapachikidwa kumbuyo kwake. Zilembo zinazo zinabisika ndi phewa lake. Banja lonse tinakhala pamkeka kulozerana zilembo zinayi.

Anaimba patapita masiku 16, pafoni yobwereka. Zonse anadzatifotokozera atafika kuno.

Akuti inali cha m'ma 3 koloko usiku, sitima itaima pafupi ndi nsanja kudikira kuti kuche atsitse katundu. Mlonda anaona bwato likubwera mothamanga, lopanda nyali. Belu litalira aliyense anathamangira m'chipinda chobisalamo chimene amalinyero amachitcha citadel. Ndi chipinda chachitsulo pansi pafupi ndi injini, chopanda zenera, muli mabotolo a madzi, wailesi yoitanira thandizo ndi ndowa yodzithandizira. Analowamo anthu 13. Awiri anachedwa, wachiwiri kwa kaputeni ndi wophika, ndipo chitseko chinatsekedwa iwo ali kunja, poti lamulo lake ndi lomwelo. Achifwamba anakwera ndi makwerero okhala ndi ngowe kunsonga. Mwana wathu akuti ankamva nyundo ikugunda pachitseko, kenako mfuti, kenako mawu a wophika uja akuwachonderera kuti atsegule chifukwa amuloza mfuti kumutu. Sanatsegule. Anakhala mmenemo maola 9, thukuta lili kamukamu, mpaka asilikali apanyanja atafika. Potuluka anapeza magalasi a kumalo owongolera sitima ataphwanyidwa, mafoni ndi ndalama zitatengedwa, anzawo awiri aja palibe. Anawasunga milungu isanu m'madambo a Niger Delta, kumwera kwa Nigeria, ndipo anawamasula ataonda, malungo ali m'thupi, dipo litaperekedwa.

Nditamva izi ndinayamba kufunsafunsa kwa amalinyero amene timakumana nawo padoko la Beira ndi kuwerenga chilichonse chimene ndingachipeze. Ndinapeza kuti mwana wathu anapita kumeneko m'chaka choipitsitsa. Bungwe la International Maritime Bureau, limene lili ndi ofesi yolandira malipoti a uchifwambawu ku Kuala Lumpur, linawerenga amalinyero 135 amene anabedwa padziko lonse mu 2020, ndipo 130 mwa iwo anabedwera ku Gulf of Guinea, nyanja yomweyo ya kumadzulo kwa Africa. Mu Januwale 2021 achifwamba anakwera sitima ya Mozart, anaboola chipinda chobisalamo chija, anapha injiniya mmodzi wa ku Azerbaijan ndi kutenga anthu 15 a ku Turkey. Choncho ngakhale chitseko chachitsulocho nthawi zina chimagonja.

Anthu ambiri akamva za achifwamba a panyanja amaganiza za Somalia, za sitima ya Sirius Star imene inagwidwa mu 2008 itanyamula migolo ya mafuta 2 miliyoni, kapena za Maersk Alabama mu 2009. A ku Somalia ankatenga sitima yonse ndi anthu ake n'kukaiimika kugombe kwawo miyezi yambiri. A kumadzulo njira yawo ndi ina. Poyamba ankapopa mafuta m'sitima n'kukagulitsa, koma mtengo wa mafuta utagwa cha m'ma 2014 anaona kuti chamtengo kwambiri m'sitima ndi munthu. Amakwera, kutenga anthu angapo, n'kuthawira nawo m'timitsinje ta m'nkhalango momwe sitima ya asilikali singalowe.

Ndipo palibe amene ali pambalambanda kuposa ogwira ntchito za mafuta. Sitima yonyamula makontena ndi yaitali ngati nyumba yosanja ndipo imathamanga. Koma sitima yotumikira nsanja kumbuyo kwake n'kotsika, madzi ali pafupi kwambiri, chifukwa anaipanga kuti kuleni izitsitsa ndi kukweza katundu mosavuta. Imayenda pang'onopang'ono, njira yake ndi yomweyomweyo, padoko ndi pansanja, pansanja ndi padoko, ndiye wofuna kuibisalira savutika. Nsanja yeniyeniyo siingathawe konse, ndipo usiku imawala ngati tauni, moto wa gasi ukuyaka pamwamba. Mu Juni 2008 zigawenga za gulu la MEND zinafika ndi mabwato pa malo okumbira mafuta a Bonga ku Nigeria, makilomita 120 kuchokera kumtunda, kumene aliyense ankati n'kutali sangafikeko, ndipo ntchito inaima. Pamalo odzaza gasi ndi mafuta chipolopolo chimodzi chikhoza kupha onse, wakuba ndi wobedwa yemwe.

Sindikunena kuti anyamata a ku Niger Delta anabadwa ndi mtima wa chilombo. Kwawo ndi kumene kumachokera chuma cha Nigeria, koma mitsinje yawo inaonongeka ndi mafuta otayika, nsomba zinatha, ntchito kulibe. Zimenezi ndikuzimva. Koma amene amamuloza mfuti si mwini kampani, ndi wophika, ndi wowotcherera wa ku Kawale amene naye wathawa umphawi womwewo.

Kunena zoona, zinthu kumeneko zasinthako. Nigeria inakhazikitsa lamulo lolanga achifwamba a panyanja mu 2019, ndipo mu 2021 inayambitsa ntchito ya Deep Blue yolondera nyanja ndi mabwato, ndege ndi asilikali. Ziwembu zachepa. Koma sizinathe. Mu Malichi 2023 anthu 6 anabedwa pa sitima ya mafuta ya Monjasa Reformer kufupi ndi Congo, ndipo anamasulidwa mu Meyi.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa. Pali pangano la mayiko lotchedwa Maritime Labour Convention la 2006, ndipo kuyambira Disembala 2020 muli ndime yonena kuti wamalinyero akagwidwa ndi achifwamba, malipiro ake azipitirira kuperekedwa mpaka atamasulidwa ndi kubwerera kwawo, ngakhale nthawi ya mgwirizano wake itatha ali m'manja mwa adaniwo. Ndime yabwino kwambiri. Koma imateteza munthu amene amawerengedwa kuti ndi wamalinyero. Ogwira ntchito pansanja zokumbira mafuta zimatengera dziko limene nsanjayo inalembetsedwa, kwina amawawerengera, kwina ayi. Titalitenga pepala la mwana wathu n'kuliwerenga bwinobwino pathebulo, tinapeza kuti sanalembedwe ntchito ndi eni sitima ayi, koma ndi kampani ya wofunira anthu ntchito uja, ngati waganyu wolipidwa pa tsiku. Munalibe mawu amodzi onena za inshulansi, za kubedwa, za chipukuta misozi, kapena za amene adzadziwitse abale. Akanakhala kuti ndi iye anachedwa kulowa m'chipinda chija, sindidziwa ngati pakanapezeka womulankhulira. Malipiro a mwezi wake womaliza sanawaone mpaka lero. Anangomupatsa tikiti ya ndege. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli tinadya banja lonse, ine poyamba.

Anabwera ndi thupi lathunthu, anthu n'kumati Mulungu ndi wamkulu, ndipo ndi wamkuludi. Koma ine ndimagona naye nyumba imodzi. Njinga yamoto ya kabaza ikadutsa usiku kuseri kwa mpanda, amadzambatuka n'kukaima pakona, akuti kulira kwake n'chimodzimodzi injini ya bwato lija. Chitseko cha kuchipinda kwake satseka. Tsiku lina tikudya nsima anangosiya mbamu m'mbale n'kunena kuti, "Atsibweni, munthu uja ankatiitana ndi maina athu, mmodzimmodzi, ife tili chete." Ndinasowa chomuyankha. Palibe kampani imene inamufunsapo kuti mutu wake uli bwanji.

Wina anena kuti ndi Amalawi angati amene ali panyanja, si ochepa kodi? Mwina ndi ochepa lero. Koma taonani kumene ntchito zikutsegukira. Ku Cabo Delgado, kwa anansi athu a ku Mozambique, kuli gasi wochuluka pansi pa nyanja, ndipo fakitale yoyandama ya Coral Sul inayamba kutumiza gasi kunja mu Novembala 2022. Dera lomwelo ndi kumene zigawenga zinaukira tauni ya Palma mu Malichi 2021, anthu ambiri n'kuphedwa, kampani ya Total n'kuimitsa ntchito. Nyanja imene ili pakati pa Mozambique ndi Madagascar nayo achifwamba a ku Somalia anafikamo: kumapeto kwa 2010 anagwira sitima ya asodzi ya Vega 5, ndipo chaka chotsatira South Africa inayamba kutumiza sitima zake zankhondo kudzalondera. Mu Malichi 2024, sitima ya Abdullah ya ku Bangladesh inanyamuka ku Maputo ndi malasha, n'kugwidwa ndi anthu ake 23 panyanja ya kum'mawa kwa Somalia. Njira zimenezi ndi zomwe kumadzera mafuta amene ine ndimapakira ku Beira, amene inu mumawagonera pamzere pa filing'i siteshoni. Anyamata athu odziwa kuwotcherera, zamagetsi ndi za injini, kuphatikizapo ophunzira za sitima ku Monkey Bay, maso awo ali komweko, ndipo ndani angawaletse pamene kuno ntchito kulibe?

Pempho langa likupita ku Unduna wa Zantchito. Popeza dziko lathu layamba kutumiza achinyamata kukagwira ntchito kunja, aliyense wofunira anthu ntchito za panyanja alembetsedwe, ndipo pepala lililonse lisanasainidwe lidutse m'maso mwa munthu wodziwa malamulo. Lizinena poyera kuti wolemba ntchito weniweni ndi ndani, inshulansi yake ndi iti, munthu akabedwa adzakambirane ndi achifwambawo ndani, malipiro azilandira ndani pa nthawiyo, ndipo akabwera adzamuthandiza bwanji maganizo. Pakhalenso kaundula wa Amalawi amene ali panyanja, kuti mayi wa ku Kawale akhale ndi khomo logogoda.

Kwa makolo ndi amalume anzanga, mwana asanakwere ndege lembani m'kope dzina la sitima, dziko la mbendera yake, ndi nambala yake ya IMO. Ndi nambala ya manambala 7 imene siisintha ngakhale sitimayo itagulitsidwa kapena kupatsidwa dzina lina. Sungani kope la mgwirizano kunyumba. Muuzeni adziwe za bungwe la ITF loimira ogwira ntchito zamtengatenga, limene lili ndi anthu ake m'madoko ambiri othandiza amalinyero oponderezedwa. Ife zonsezi tinazidziwa madzi atafika kale m'khosi.

Mwezi wathawu mnyamata uja analandira uthenga wa ntchito ina, ya sitima yonyamukira ku Pemba, doko la ku Cabo Delgado. Mageti a kwa Biwi sakumupatsa ndalama yokwanira lendi, ndipo mkazi wake ndi woyembekezera. Akufuna kupita. Ndamuuza kuti sindimuletsa, koma pepalalo libwere kaye kuno, tiliwerenge tonse mzere ndi mzere, ndipo ngati mulibe mawu onena za kubedwa, asasaine. Wofuna kumulembayo wayankha kuti anthu ofuna malowo ndi ambiri, asankhe pofika Lachisanu.

A Mkonzi, tumizani mtolankhani wanu ku Capital Hill akatifunsire: kodi pali ofesi imene munthu ngati ine ndingapite nalo pepala limeneli Lachisanu lisanafike?

Malume wodandaula,
Area 25, Lilongwe