Pempho: Tithandizeni kudzutsa jazi ya kwathu ku Chileka

Makolo, abale ndi alongo, ndi inu ana a kuno amene muli ku Joni ndi ku Ulaya, tikupereka moni ife a komiti ya sukulu yathu ya pulaimale kuno ku Chileka.

Teremu yathayi aphunzitsi ena anafunsa ana a Sitandade 7 ngati anamvapo za woimba uja Daniel Kachamba. Palibe anakweza mkono. Zinatiwawa, chifukwa kwawo kwa malemuwa, m'mudzi wa Singano, ndi konkuno.

Daniel ndi mng'ono wake Donald ali ana anakhalako ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo kumeneko anamva kwela, nyimbo za chitoliro zochokera m'misewu ya Johannesburg. Atabwerera kumudzi anayambitsa gulu lawo la jazi: gitala, chitoliro, maseche ndi babatoni wa chingwe chimodzi. Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anawapeza akuimba mu Blantyre, nawajambula, ndipo sipanapite zaka zambiri anyamata a ku Chileka anakaimba ku Ulaya. Daniel anatisiya mu 1987, Donald mu 2001.

Anawo atamva mbiriyi sanakhale chete. Anyamata atatu anasema babatoni wawo, chikopa cha mbuzi, waya wa m'tayala. Agogo ena podutsa anaima, natenga chitoliro chathu chimodzi chokhacho, nachilowetsa mkamwa chopendekera kutsaya monga ankachitira a kwela. Ana onse anangoti kakasi. Agogowo mpweya ndi wochepa tsopano, ndiye tikuti tisachedwe.

Pempho lathu ndi ili. Amene munasunga makaseti, mbale za galamafoni kapena zithunzi za magulu a jazi a nthawi imeneyo, tibwerekeni. Tikopera n'kukubwezerani zili bwinobwino. Tikusowanso zitoliro zachitsulo ndi nsambo za gitala. Ngakhale gitala yong'aluka ibwere, kalipentala tili naye. Koma chachikulu ndinu akuluakulu amene munavinako sinjonjo ndi simanjemanje: bwerani Lachisanu masana mudzakhale pansi pa mtengo ndi anawa, muwauze kumene magulu ankaimba ndi mmene fumbi linkabukira.

Thandizo lililonse lifikire aphunzitsi aakulu. Lidzalembedwa m'buku la komiti ndi kuwerengedwa pamsonkhano wa makolo kumapeto kwa teremu ino.

Ife anu,
A komiti ya sukulu