Galimoto ya 4x4 imafera kunsi, osati mu injini

Akonzi,

Mvula yayandikira, ndipo walira mvula walira matope. Tipatseni danga tilankhule ndi eni magalimoto a 4x4 kuno ku Mulanje ndi anzathu a ku Thyolo, eni ma Land Cruiser, ma Hilux, ma Hardbody ndi ma Pajero amene amanyamula odwala, feteleza, nthochi ndi zinanazi m'misewu yafumbi yolowera m'midzi ndi m'minda ya tiyi. Ambiri amasintha oilo wa injini mosaphonya, n'kumati galimoto yapita ku sevisi. Koma zimene zimagoneka galimoto zotere pabwalo kwa miyezi zili kunsi: madifu awiri (mabokosi a magiya a pa akiselo amene amagawira mawilo mphamvu), transfer (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo), ma propshaft (shafti zochoka ku transfer kupita ku madifu) ndi mabelingi a mawilo. Kumeneko anthu sasuzumirako, chonsecho ntchito yake yambiri mwini galimoto angaigwire yekha pakhomo ndi masipanala ochepa, jeki ndi mpope wa girizi.

Tiyambe ndi madzi. Chichokereni Namondwe Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola milatho yambiri kuno, madalaivala anazolowera kuwoloka mitsinje ndi galimoto. Difu ikayenda mtunda imatentha. Ikalowa m'madzi ozizira otsika m'phiri, monga a Likhubula kapena Ruo, imazizira mwadzidzidzi n'kuyamba kukoka mpweya kuchokera kunja. Pamwamba pa akiselo pali kabowo kopumira kamene amakaniko amati breather. Kabowoko kakamira, difu imamwa madzi. Kakatsekeka ndi matope, imakokera madziwo m'masilu, timalabala totsekera oilo kuti asatuluke. Dalaivala samva kanthu tsikulo. Patatha milungu ingapo kumbuyo kumayamba kulira, ndipo pamenepo mabelingi amakhala atachita kale dzimbiri.

Kuyeza n'kosavuta. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, masulani bawuti yothirira oilo imene ili chapakati pa difu, lowetsani chala. Oilo wabwino amaonekera ngati uchi, ngakhale atada pang'ono. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, ndipo asinthidwe tsiku lomwelo. Pamenepa pali polakwika potchuka: munthu amayamba kumasula bawuti yapansi, oilo yense n'kutayika, kenaka n'kupeza kuti yapamwamba yagwira dzimbiri, siikumasuka. Galimoto yaima. Yambani ndi yapamwamba nthawi zonse. Khetsani oilo galimoto itangoyenda kumene, akadali wofunda. Bawuti yapansi imakhala ndi maginito: mukapezapo phala lotuwa losalala, n'kutha kwa masiku onse, ingopukutani, mukapeza tizidutswa tachitsulo tomveka m'zala, mano kapena belingi yayamba kusweka. Ikani washa watsopano, mangani, thirani oilo wa GL-5 80W-90 ndi botolo lomangirira kapaipi mpaka ayambe kusefukira pabowo lothiriralo. Difu imodzi imatenga malita 2 mpaka 3 malinga ndi galimoto. Ngati difu yakumbuyo ili ndi chizindikiro cha LSD, kutanthauza difu yochepetsa kuterereka kwa wilo limodzi, imafuna oilo wolembedwa LSD. Wamba amaichititsa kugunda pokhota.

Transfer iyezedwe chimodzimodzi. Koma giyabokosi musaithire oilo wa difu musanaone buku la galimoto yanu. Ena amafuna GL-4 basi, chifukwa mankhwala a mu GL-5 amadya mkuwa wa ma synchro, timphete tothandiza magiya kulowa bwino, magiya n'kuyamba kukana kulowa m'mawa. Mabuku ambiri amati oilo wa difu asinthidwe pa makilomita 40,000. Nambala imeneyo ndi ya galimoto yosalowa mumtsinje.

Mankhwala enieni a vutoli ndi otchipa. Chotsani kachipewa ka breather, lumikizani paipi ya mafuta ya mamilimita 6, yotalika mamita 2 kapena 3, muikweze motsatira chassis mpaka pamwamba pafupi ndi injini, kutali ndi ekizozi. Isiyeni yolendewera pang'ono pa akiselo kuti masipuling'i akatambasuka isazuke, ndipo kumapeto kwake ikani kafyuluta kakang'ono ka petulo. Timaona anthu atagula snorkel yodula, paipi yokwezera m'mwamba polowera mpweya wa injini, n'kumadzimva kuti galimoto yasanduka bwato. Snorkel imateteza mpweya wolowa mu injini; madifu sawadziwa n'komwe.

Girizi nayenso amachoka ndi madzi. Lowani kunsi mufufuze timphuno ta girizi pa ma propshaft onse awiri. Tina timabisala mkati mwa mtanda, cholumikizira cha kumapeto kwa shafti, ndipo timaoneka mukaikankha galimoto pang'ono kuti shafti itembenuke. Pukutani kamphuno musanalumikize mpope, apo ayi mukankhira mchenga mkati. Pamtanda popani mpaka girizi woyera atulukire mbali zonse zinayi. Ikatulukira zitatu zokha, yachinayiyo yauma ndipo ndi imene idzadule. Pamene shafti imalowana n'kutuluka, popani kawiri kapena katatu basi. Mukadzaza thothotho, shafti imalephera kufupika galimoto ikagunda bampu, mphamvuyo n'kukathera pa mabelingi a transfer.

Eni Land Cruiser ya akiselo yowongoka kutsogolo ayang'ane mpira wachitsulo uli kuseri kwa wilo. Kukhala wonyowa pang'ono ndi girizi si vuto. Koma ngati pakuyenderera phala lakuda lamadzimadzi mpaka pa tayala, silu yamkati yatha, oilo wa difu wasakanikirana ndi girizi. Kuwonjezera girizi sikuthetsa kanthu; pafunika kumasula, kutsuka, kuika masilu atsopano ndi girizi wa moly. Ma Hilux a kuyambira 2005 kutsogolo ali ndi ma CV, majoini a shafti yopita ku wilo, ovekedwa labala. Labala akang'ambika ndi chitsa, girizi amamwazikira mkati mwa wilo. Msinthe sabata yomweyo. Labala ndi wotchipa, shafti yonse ayi.

Mabelingi a mawilo ayezeni galimoto ili pa jeki: gwirani tayala pamwamba ndi pansi, gwedezani, kenaka lizungulitseni mukumvetsera. Likamagogoda kapena kuuluma ngati chigayo, musadikire. Ndipo tinene mosapsatira: musalowe kunsi kwa galimoto yokhala pa jeki yokha, ngakhale pa njerwa, zimene zimaphwanyika mosachenjeza. Land Cruiser imalemera kupitirira matani 2. Ikani ma stand achitsulo, kapena zipika zolimba zodulidwa mosalala, pa nthaka youma, ndi miyala kumawilo otsala.

Tsopano kayendetsedwe, chifukwa zina zimene timakonza sizinathe zokha, zinathyoledwa. Galimoto zambiri kuno, monga Hilux, Hardbody ndi Land Cruiser 79, zilibe difu yapakati. Mukaika ndodo ya transfer pa H4 kapena L4, magiya a 4x4, mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira mofanana. M'matope palibe vuto, tayala limaterereka pang'ono n'kupepuka. Pamsewu wa tala siliterereka. Munthu atatuluka mumsewu wa Fort Lister n'kuiwala kuchotsa, amafika pa Chitakale shafti zitapotana, chiwongolero chikulemera, ndodo ya transfer ikukana kutuluka. Osaimenya ndodoyo: imani, bwererani m'mbuyo mamita angapo mawilo ali owongoka, idzatuluka yokha. Vuto lomweli limabwera ndi matayala osiyana saizi, kapena atsopano kutsogolo pamene akumbuyo atha kwambiri. Amene amagula tayala limodzilimodzi la kaunjika aonetsetse nambala zapambali pake kuti zikufanana onse anayi.

Mahabu a mawilo akutsogolo okhala ndi LOCK ndi FREE atembenuzidwe onse awiri, musanalowe m'matope, osati mutatitimira kale. Ngakhale m'chilimwe, yendani makilomita 16 pamwezi mahabu ali pa LOCK, monga amanenera mabuku a Toyota, kuti oilo azungulire mu difu yakutsogolo. Ikakhala miyezi isanu osazungulira, mano amene ali pamwamba pa oilo amachita dzimbiri.

Dothi lofiira la ku Thyolo limamata ngati phula, ndipo chiperoni cha Juni ndi Julayi sichilipatsa mpata wouma. Limadzaza m'kati mwa chassis, pamwamba pa thanki ndi pakati pa masipuling'i, n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Galimoto yotsukidwa bodi yokha siinatsukidwe. Lowetsani paipi ya madzi m'mabowo a chassis mpaka madzi otuluka ayere. Rediyeta itsukeni injini itazizira, madzi akuchokera mbali ya injini kupita kunja, ndiponso osati amphamvu, chifukwa timapepala take timapindika. Galimoto ikamatentha pokwera ku Makwasa kapena ku Thekerani, anthu amathamangira kuchotsa thermostat, pamene vuto ndi matope ouma pakati pa rediyeta ndi condenser, karediyeta ka makina oziziritsa m'galimoto. Mabuleki akumbuyo a dilamu amadzaza mchenga umene umadya ma shoe m'masabata ochepa. Vulani dilamu, tsukani ndi madzi, osapemerera fumbi lake ndi pakamwa. Mukangowoloka mtsinje, pondani buleki pang'onopang'ono mukuyenda kuti aume musanafike potsetsereka. Mukatsuka, gwirani ndi sipanala manati a ma U-bolt; akamasuka, bawuti yapakati pa sipuling'i imaduka, galimoto n'kumayenda chammbali ngati nkhanu.

Dizilo wa m'zigubu, amene tonse timagwiritsa ntchito mafuta akasowa, nthawi zambiri amakhala ndi madzi ndi zinyalala. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kampopi: kamasuleni pang'ono, popani kabatani kapamwamba mpaka patuluke dizilo yekhayekha, mangani ndi dzanja. Nyali yake ikayaka padashibodi, chitani zimenezi pomwepo. Injini yakale ya 1HZ kapena 5L imapirirako. Yatsopano ya D-4D siipirira, majekita ake othira dizilo mu injini amafa msanga. Ndipo pa injini ya D-4D musamasule mapaipi a majekita ikulira monga tinkachitira pa zakale. Mphamvu ya dizilo mmenemo imapitirira 1,000 bar, imaboola khungu.

Injini ikazima muli pakati pa madzi, musalize sitata. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Sitata ikangozungulira, con rod, ndodo yogwira pistoni, imapindika. Ikokereni kumtunda, pomangirira chingwe pa mbedza ya chassis, osati pa mpira wokokera ngolo, umene umathyoka n'kuuluka ngati chipolopolo. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Ngati yanyowa, chotsani ma heater plug onse, zungulitsani injini kuti madzi atulukire m'mabowomo, sinthani oilo ndi fyuluta, kenaka muilize.

Pali ntchito zina zimene sitikulangizani kuchitira pansi pa mtengo wa mango. Kuseta mano a difu kumafuna geji yoyezera tizigawo ta milimita, ndipo pampu ya dizilo imafuna makina ake. Lamba wa timing pa 1HZ ndi 5L musamupitirize makilomita 100,000. Akaduka, mavavu amagundana ndi mapistoni. Amene sanamuikepo ampereke kwa amene amadziwa zizindikiro zake.

Oilo wakutha mumuthire m'chigubu chotseka, mupite naye ku galaja. Musamukhuthulire mu ngalande, chifukwa mvula yoyamba idzamutsitsira mu Thuchila, mmene amayi amachapa ndi kutunga.

Ndife,
Amakaniko a magalimoto a dizilo,
Chitakale, Mulanje