Ngumbi si chakudya cha umphawi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za khalidwe limene layamba kuoneka kuno ku Mangochi, lakuti achinyamata ena akuchita manyazi kugula ngumbi pamsika, ati chifukwa ndi ndiwo za anthu osauka. Ine ndakulira m'mphepete mwa mtsinje wa Shire, ndipo mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala tinkachezera pachulu ndi nyale, m'mawa amayi n'kukazinga ngumbizo ndi kamchere kokha, popeza mafuta zili nawo kale.

Amanyaziwo adziwe kuti m'chaka cha 2013 bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, linatulutsa lipoti lonena kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni padziko lapansi amadya tizilombo, ndipo mitundu yodyedwa imaposa 1,900. Ku Uganda bwanoni, amene kumeneko amati nsenene, amagulitsidwa pamtengo wokwera mumzinda wa Kampala. Ku Oaxaca m'dziko la Mexico amakazinga ziwala ndi tsabola ndi mandimu. Ku Thailand alimi amaweta nkhululu monga momwe ife timawetera nkhuku. Ngakhale mayiko a European Union, amene kale ankanyansidwa nazo, mu 2021 analoleza kugulitsa mtundu wina wa mphutsi ngati chakudya.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala ophera chiswe amene anthu akuthira pazulu pofuna kuteteza minda ndi nyumba zawo, pamene ana akupitabe kukatchera ngumbi pazulu zomwezo. Chambo chakwera mtengo, usipa nawonso sukugulika bwino, choncho ndikupempha alangizi a zaulimi kuti pamisonkhano ya m'midzi azifotokoza za kuopsa kwa mankhwalawa mvula isanayambe.

Wowerenga wanu,
Mangochi