Timaganyu ta panyumba tandidanitsa ndi akuchimuna

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ulongwe m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale konkuno. Bambo a ana anga amagwira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize. Amabwera kamodzi pamwezi, mwezi wina osaoneka n'komwe, choncho zonse za pakhomo zili pamutu panga. Ndalemba chifukwa nyumba imene tikukonza yatsala pang'ono kundidanitsa ndi akuchimuna onse, chonsecho nkhani yake ndi ya timaganyu toti munthu ungachite manyazi kutitengera kubwalo.

Nyumbayi anaimanga ndi malemu apongozi anga aamuna, ya njerwa zootcha koma zomangira dothi. Mvula ya namondwe Ana ija, mu Januwale 2022, inanyowetsa khoma lakumbuyo mpaka linang'ambika kuyambira pawindo kufika pansi. Tinakhala tikumata mng'aluwo chaka ndi chaka, ukumabwereranso. Chaka chino tinati basi, tigumule khomalo, limangidwenso ndi simenti, tisinthe malata odontha, tiike pulasitala ndi kukonza khonde.

Ntchito yaikuluyo sinandivute. Mmisiri tinagwirizana naye mtengo, tinalemba papepala, a secretário a bairro lathu (mlembi wa dera lathu) anakhala mboni, ndipo ndalama ndimamulipira m'magawo atatu kudzera pafoni pa M-Pesa kuti pazikhala umboni. Mpaka lero sitinakanganepo. Koma tsiku loyamba, atangotsitsa chikwama cha zipangizo, anandiuza kuti, "Mayi, ine ndimamanga. Madzi, mchenga ndi njerwa zizindipeza pano." Ali ndi mnyamata wake mmodzi wokanya simenti, basi. Zina zonse zinali zanga, ndipo ine pabajeti yanga sindinazilembe n'komwe.

Ndinadziwira pamenepo kuti nyumba imadya anthu ambiri kuposa amene agwira chipande chomangira. Mpopi wathu umatuluka madzi m'mawa mokha, ndiye pamafunika wina wodzaza migolo iwiri ya malita 200 ndi zigubu dzuwa lisanakwere. Mchenga wa kumtsinje umabwera ndi timiyala ndi zinyalala, uyenera kusefedwa. Njerwa za khoma logumulalo zambiri zinali zabwinobwino, zongofunika kupala dothi kuti zigwirenso ntchito. Ndiye pali kutuluza katundu m'zipinda, kutaya zigumukire, ndi kuthirira khoma latsopano m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu kuti simenti isaume msanga n'kuyamba kung'aluka. Palibe ntchito imodzi mwa izi yofuna luso, koma ikangosowa imodzi mmisiri amakhala pansi n'kumasewera ndi foni. Ine nthawi imeneyo ndili m'kalasi.

Apongozi anga aakazi atamva kuti ndikufuna munthu, anati, "Mukafunenso kuti munthu, mwana ali pakhomo?" Ankanena mwana wa alamu anga aakulu, mnyamata wa zaka 22 amene anamaliza kalasi 10 koma sanapeze chochita. Kwa ife ameneyu ndi mwana wanga, ndipo amanditchula kuti amayi. Ndinakondwa, chifukwa ndinkaona kuti ndalama ikhala m'banja momwemo. Nditamufunsa kuti tigwirizane mtengo, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Aa, amayi, mudzangondiona."

Azakhali, mawu amenewa ndi amene andifikitsa pano. Ndikanadziwa ndikanaumirira tsiku lomwelo, koma mwana wako umatsutsana naye bwanji mtengo ngati uli pamsika wa mbatata?

Sabata yoyamba anagwira bwino ndithu, sindingamunamizire. Loweruka ndinamupatsa 1,000 meticais. Analandira ndi manja awiri, anathokoza, Lolemba sanabwere. Lachiwiri ndinamva kwa mlamu wanga wamkazi kuti kumudzi kukumveka zoti ndamupeputsa mwana. Ndinafunsa kuti nanga iye amayembekezera zingati. Palibe anandiyankha, mpaka lero palibe watchula nambala. Lachitatu anatulukira ndi anzake awiri amene ine sindinawaitane, akuti adzamuthandize. Masana onse atatu anakhala pamphasa kudikira nsima, ndipo Loweruka onse atatu anaima pakhomo kudikira kuonedwa. Anayamba kufika 9 koloko, pomwe mmisiri amayamba dzuwa likungotuluka. Tsiku lina mmisiri anapeza migolo ili gwa, anamanga chikwama chake n'kupita kukagwira kwina masiku awiri, ndipo sindinamuimbe mlandu. Kenako mwanayu anabwera ndi za ngongole: foni yasweka galasi, munditumizireko ndalama pa e-Mola, mudzadula kutsogolo. Kudula kwake pa chiyani, poti mtengo palibe?

Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi simenti. Ndinagula matumba 30 a makilogalamu 50, tinawasunga m'chipinda cha ana, ndipo makiyi anali awiri, wina kwa ine, wina kwa mwanayu chifukwa ndi amene ankatulutsira mmisiri ine ndili kusukulu. Mmisiri amalemba m'kabuku kake thumba lililonse limene watsegula. Titawerengera limodzi, matumba awiri sanaoneke. Ndinene zoona, sindinaone munthu akunyamula. Mwina wangolo anatsitsa osakwana, pakuti tsiku limenelo ndinawerenga mothamanga kukuda. Mwina mmisiri anaiwala kulemba. Koma sabata yomweyo ndinamva kuti mmodzi wa anzake aja wazira khonde la kwawo ndi simenti, munthu woti sagwira ntchito kulikonse. Sindinanene kanthu kwa wina aliyense kupatula bambo a ana anga. Ndinangopempha kiyi uja ponamizira kuti wanga wasowa, ndipo mwanayu anazindikira, chifukwa kuyambira tsikulo moni wake ndi wa pakamwa pokha.

Ndiye ndinachita chimene apongozi akuti ndi mlandu. Ndinalemba anthu awiri akunja. Wina ndi mayi wa m'bairro mwathu momwemu, wamasiye, amene tinagwirizana kuti ndizimulipira pa mgolo uliwonse umene wadzaza. Pofika 6 koloko migolo imakhala itasefukira, iye n'kupita kudimba kwake. Winayo ndi mnyamata wochokera mbali ya Dedza, amene analowera pachipata cha m'malire cha Calómuè kudzafuna maganyu monga amachitira ambiri kuno, poti chilankhulo n'chimodzi ndipo ena maliro timalira limodzi. Ameneyu sanachite manyazi. Anayang'ana mulu wa njerwa, anatchula mtengo wake, ine ndinatchula wanga, tinakumana pakati, ndipo anati ndalama yake ikhale ya meticais, azikasintha yekha. Njerwa zimene anyamata atatu anazizungulira sabata ziwiri, iye anazipala masiku atatu n'kuzisanja m'mizere ya 100 kuti ndiwerenge mosavuta. Ndinamva kupepuka mumtima, koma ndinachitanso manyazi kuti mlendo ndikumvana naye chonchi pomwe mwana wanga sitikuyang'anana.

Lamlungu lotsatira apongozi anafika kuchokera kutchalitchi, osalowa ndi m'nyumba momwe. Anakhala pachitsa n'kunena kuti, "Amake mwana, ndalama za mwana wanga zikuwoloka malire, mdzukulu wanga alibe ndi sopo yemwe? Chibale ndi fupa, sichiola. Mlendo ndi mame, mawa mudzamufuna simudzamuona." Ndinagwada, ndinapepesa, sindinayankhe. Ndikanati chiyani? Nyumbayi anamanga ndi amuna awo, malo ndi a kwawo, ine ndine wobwera. Madzulo ndinaimbira bambo a ana anga, iwo anangoti, "Ingomupirirani, ndi mwana ameneyo, ndidzakamba naye ndikabwera." Anabwera kumapeto kwa mwezi, anadya nsima ndi achimwene awo, anaseka, anabwerera ku Moatize osakamba kanthu. Sindikuwanena kuti ndi oipa. Ndi munthu woopa mkangano, komanso akakhala kutali zinthu zimaoneka zazing'ono.

Pali china chimene chandisokoneza mutu. Mnyamata wa ku Dedza uja anaponda msomali wadzimbiri pamene ankasuntha mitengo yakale ya denga, atavala patapata. Ndinamukweza njinga yamoto kupita naye kuchipatala, anamutsuka bala n'kumubaya jakisoni wa kafumbata. Zoyendera ndinalipira ine, ndipo masiku anayi amene sanathe kuponda pansi ndinkamutumizira chakudya kumene amagona. Iye sanapemphe kalikonse. Koma mumtima ndimadzifunsa ngati ndinayenera kumupatsanso ndalama ya masiku amenewo, popeza anavulalira pakhomo panga ndipo misomaliyo ndikanauza anthu kuti aizule kaye. Mphunzitsi mnzanga anandiuza za Decreto 40/2008, lamulo la antchito apakhomo, koma mmene ndinalimvera likunena za munthu amene umamulemba kuti azigwira pakhomo pako nthawi zonse, ngati wophika kapena wolera ana. Nanga wa ganyu ya masiku atatu, chilungamo chake n'chotani akavulala? Apongozi atamva kuti ndinaperekeza mlendo kuchipatala, ndiye mafuta anathiridwa pamoto.

Ndinakananso kamnyamata ka zaka 13 ka aneba, kamene amake anakatuma kuti kazitunga madzi kakaweruka. Ndimakaona kusukulu, ndipo chigubu cha malita 20 si katundu wa msinkhu umenewo. Amake pano akuti ndine wonyada. Zimenezo ndiye sindikudandaula nazo.

Tsopano tili mu Okutobala. Anthu ayamba kuthawira kuminda kukasosa ndi kuunga mizere, ena ali kunazale za fodya, ndiye wa ganyu akusowa ndipo amene wapezeka akukweza mtengo. Mnyamata wa ku Dedza wanena kale kuti sabata ya mawa akubwerera kukalima kwawo, ndipo pamenepa apongozi sananame. Mvula ya kuno ikhoza kugwa mu Novembala, pomwe chipinda chimodzi chidakali chosafolera, ana akugona pabalaza pamodzi ndi matumba a chimanga. Kwatsala kusefa mchenga wa pulasitala, kuthirira makoma, kupaka laimu, kukumba ngalande kuseri kuti madzi asadzaimenso pakhoma lija, ndi kubwezera katundu m'zipinda. Ndi ntchito ya mwina sabata zitatu. Kunena zoona munthu amene alipo, wamphamvu, wosapita kumunda, ndi mwana wa alamu anga yemweyo.

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi n'zotheka kumubweza mwanayu koma ulendo uno pa mtengo womveka, wa ntchito iliyonse payokha monga ndinachitira ndi mlendo uja, popanda kuoneka ngati ndamusandutsa wantchito? Ndaganizapo zolemba papepala ngati mmene tinachitira ndi mmisiri, koma ndikuopa kuti ndikangotulutsa cholembera, kumudzi kudzamveka kuti mkamwana wayamba kusainitsa ana a eni mudzi. Kapena mtengowo autchule ndi bambo ake aang'ono pafoni, ine ndizingopereka? Nanga nsima ya masana, anthu amaiwerengera pamalipiro kapena ndi ulemu chabe wa pakhomo? Ine ndinaleredwa kuti munthu wogwira ntchito pakhomo pako sumudyera pamaso, koma thumba la ufa limene linkatha mwezi pano likutha sabata ziwiri. Ndalama ya foni ija ndiikumbutse kapena ndiiwale?

Ndipo za simenti, ndizitulutse kapena ndizikwirire? Ndikazitchula popanda umboni, ndaika dzina la wakuba pa mwana wa m'banja, ndipo zotere sizifufutika ngakhale papite zaka. Ndikakhala chete n'kumubwezera kiyi, ndiye kuti ndizikhala m'kalasi mtima uli kunyumba. Ndikamubweza koma kiyi osamupatsa, adziwa chifukwa chake, ndipo nkhani imene ndikuithawayo ndiye kuti ndainena kale.

Penanso ndimadzifunsa ngati wolakwa si ine. Mwina 1,000 meticais ija inalidi yochepa pa sabata yathunthu ya kunyamula madzi ndi njerwa, ndipo mwanayu analephera kundiuza chifukwa cha ulemu womwewo umene unandilepheretsa ine kumufunsa kawiri. Mlendo ndinamupatsa mpata wotsutsa mtengo, mwana wanga sindinamupatse. Ngati ndi choncho mundiuze mosabisa, ndikapepesa.

Dzulo usiku mwanayu wanditumizira uthenga pa WhatsApp, woyamba chichokereni kiyi uja. Wangolemba kuti, "Amayi, ndamva kuti mlendo wanu akupita. Lolemba ndibwere?" Ndauwerenga, iye waona kuti ndauwerenga, ndipo sindinayankhe.

Ine mayi wothedwa nzeru,
Ulongwe, Angónia